Mpheta zikatha, dzombe limachita phwando

Anzanga, ambiri timaganiza kuti kudyana kwa zamoyo kumayenda mzere umodzi: udzu udyedwa ndi chiwala, chiwala ndi chule, chule ndi njoka, njoka ndi kabawi, basi nkhani yatha. Koma kutchire sizikhala choncho. Chule yemweyo amadyanso ntchentche, kabawi amagwiranso mbewa. Ndi ukonde wolukanalukana, ukadula ulusi umodzi kumamasuka kwina kumene sunkaganizirako.

Mu 1958 boma la Mao Zedong ku China linalamula kuti mpheta zonse ziphedwe poti zimatha mpunga ndi tirigu m'minda. Anthu ankaimba ng'oma ndi kumenya miphika kuti mbalamezi zisatere, mpaka zinkagwa zokha chifukwa cha kutopa. Zisa kuphwasula, mazira kuswa. Anaiwala kuti mpheta zimalera ana awo ndi tizilombo. Dzombe linaswana popanda wolidya, ndipo izi zinawonjezera pa zifukwa zina zimene zinadzetsa njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961. Pofika 1960 anazisiya mpheta zija, pamndandanda wa adani amene boma linkafuna kuwathetsa n'kuikapo nsikidzi m'malo mwake. Ine ndimati kumeneku kunali kuzindikira madzi atafika kale m'khosi.

Chinanso chimene chimandidabwitsa: pa mphamvu yonse imene zomera zimasunga kuchokera ku dzuwa, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndi limene limatsalira m'matupi a nyama zodya zomerazo. Zikadyedwa nazonso, imachepanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake mbidzi zimayenda m'magulu akuluakulu, pomwe mikango ndi yowerengeka.