Kabokosi ka h-index kandidyera sabata yonse

Pa fomu yokwezera aphunzitsi udindo pakoleji pathu pano ku Chipata pali kabokosi kolembedwa h-index, nambala yosonyeza mmene mapepala a kafukufuku a munthu akutchulidwira m'mapepala a ofufuza ena. Anzanga a m'malaibulale mukudziwa mmene zimayendera: komiti ikumana Lachisanu, mafaelo akufika kwa ife Lolemba, ndipo akuluakulu akuganiza kuti ntchito yake n'kungoyatsa kompyuta n'kukopera nambala.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse. Kuphunzitsa a chaka choyamba kufufuza mabuku, kulimbana ndi obweza mabuku mochedwa, malaiti kupita m'mawa, jenereta ili apo koma dizilo akuti pepala lake silinasainidwe. Mafaelo ena sanavute konse.

Yomwe inandigwira ndi ya a Dokotala athu a zamaroboti. Iwowa akupanga kagalimoto kodziyendera kokha m'mizere ya chimanga, kokhala ndi kamera yozindikira masamba odyedwa ndi mbozi zija zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016. Nditatsegula tsamba lawo la Google Scholar, pomwe pamaoneka mapepala a kafukufuku wawo, ndinapeza nambala yosiririka. Koma potsika m'munsi, pakati pa mapepala a makamera ndi mainjini, ndinayamba kuona za malungo, za amayi oyembekezera, za katemera. Kuno kum'mawa ukatchula Phiri, Banda, Tembo kapena Zulu n'kuwonjezera chilembo chimodzi cha dzina loyamba, waitana anthu ambirimbiri, ena ali kutsidya kwa Mwami ku Malawi. Google Scholar inkangowatolera mapepala a mnzawo wofanana naye dzina wa zachipatala, iwo osadziwa, poti anasiya tsambalo kuti lizidziwonjezera lokha.

Lachitatu lonse linathera pamenepo. Pepala lililonse kulitsegula, kuona DOI (nambala yozindikirira pepalalo), kuona komwe wolemba amagwira ntchito, kufananiza ndi IEEE Xplore, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zauinjiniya. Intaneti ya pakoleji inali itagona, ndiye zonsezi pa bandulo yanga ya pafoni. Scopus, nkhokwe ina yolipira ya mapepala a kafukufuku, musaifunse, mawu achinsinsi olowera anapita ndi munthu amene anasiya ntchito, ndipo ofesi yoyenera kukonza zimenezo imangoti "tikuziona". Chimandipweteka n'chakuti mankhwala a vuto la mainali alipo ndipo ndi aulere. ORCID inayamba mu 2012, imapatsa wofufuza aliyense nambala yakeyake ya manambala 16, kulembetsa sikutha ngakhale mphindi khumi. Ndakhala ndikulemba makalata kuti mphunzitsi aliyense akhale nayo asanalembedwe ntchito. Yankho silinabwerepo.

Nditachotsa za malungo, nambala ija inatsika kupitirira theka. Ndinawaitana.

"Amayi, ndiye mwandipha," anatero atayang'ana pakompyuta.

"A Dokotala, ndikazisiya, tsiku lina wa komiti adzakufunsani za udzudzu pamaso pa anthu."

Anaseka, koma kuseka kwa munthu amene walumidwa. Tinatsegula ORCID yawo pomwepo.

Mkwiyo weniweni unabwera Lachinayi, nditawerenga malamulo ogawira mapointi. Pepala la m'magazini a kafukufuku lili ndi mapointi ake onse. Pepala la kumsonkhano aliponya m'gulu la "zina ndi zina", pamodzi ndi nkhani yokambidwa pa tsiku la makolo. Amene analemba lamulo limeneli sanafunse aliyense wa zamaroboti. Kwa iwowa misonkhano ya ICRA, yomwe inayamba mu 1984, ndi IROS, ya mu 1988, ndi komwe ntchito yatsopano imaonekera poyamba. Mapepala ake amaunikidwa ndi akatswiri asanalandiridwe ndipo ochuluka amakanidwa. Mapepala atatu otchulidwa kwambiri a a Dokotala athuwa ndi a kumisonkhano yotereyi. Ndiye fomu imodzimodziyo ikulandira h-index yomangidwa ndi mapepala amenewo patsamba loyamba, n'kuwakana patsamba lachitatu.

Ndipo nambalayo payokha ikunena chiyani? H-index ya 10 ikutanthauza mapepala 10 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 10, basi. Jorge Hirsch, amene anaiyambitsa mu 2005, ananeneratu kuti imasiyana malinga ndi nthambi ya maphunziro, ndipo ya ofufuza zamoyo imakwera kuposa ya ofufuza fizikisi. Leiden Manifesto ya mu 2015, chikalata cha mfundo zoyezera ntchito za ofufuza, inabwereza zomwezo. Ife pano tikuika wa zamaroboti, wa zaulimi ndi wa zaumoyo pa sikelo imodzi, ngati wogula mbewu woyeza thonje ndi mtedza pa mtengo umodzi.

Za mgwirizano ndi ofufuza ena fomu imangofunsa kuti "alipo angati". Ndinakoka mapepala awo ku OpenAlex, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku yomwe inatsegulidwa mwaulere mu 2022, n'kujambula mapu a anthu amene amalemba nawo pogwiritsa ntchito pulogalamu ya VOSviewer. Panaoneka magulu awiri. Lalikulu ndi la labu yakunja komwe anachitira udokotala wawo. Kutchulidwa kwawo kochuluka kukuchokera kumeneko, ndipo kunena zoona, kwina n'kotchulana okhaokha a labu imodzi. Ndinalemba zimenezo, sindinawabisire. Laling'ono ndi la kuno: a zaulimi, ophunzira athu, ndi iwo pakati monga wotsogolera. Mapepala amenewa ndi atsopano, sanayambe kutchulidwa, koma kwa ine ndi omwe akusonyeza kuti munthuyu waima payekha.

Ndinapita nazo kwa mkulu woyang'anira mafomuwa. Anayang'ana mapuwo kamodzi.

"Amayi, ife tikufuna nambala, osati zithunzi."

Nambala ndinalemba, yoona, yotsikayo. Pansi pake ndinaika tsiku ndi komwe yachokera, ndipo masamba awiri ofotokoza ndinawamata ndi stepula kuti wowachotsa achite kung'amba.

Lachisanu komiti sinakumane, ena anali ku Lusaka. Aika tsiku lina mwezi wamawa ndipo andiuza kuti nambala zonse ndidzaziwerengenso, poti zidzakhala zitasintha. Za ndalama ya bandulo yanga akuti ndilembe kalata.