Kakampani kathu ka care ku Leicester ndi nkhani ya ma intavyu

Ine ndi mayi akunyumba tinatsegula kakampani kosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leicester, titatopa kugwirira ena. Kulembetsa ku CQC, bungwe loyang'anira makampani osamalira anthu kuno ku England, kunali chintchito ndithu, koma chomwe chinatizunguza mutu kwambiri ndi kulemba anthu ntchito.

Mu 2022 boma la UK litalola ma carer kubwera pa visa, ma CV anayamba kugwa ngati mvula, aku Zimbabwe, Nigeria, India ndi akwathu omwe. CV ya m'Malawi sisowa, pamakhala tsiku lobadwa, mpingo, boma lochokera mpaka T/A, pomwe kuno Equality Act ya 2010 imachititsa mabwana kuopa ngakhale kufunsa ngati uli pabanja.

Manejala wathu ndi mzungu wobadwira konkuno, munthu wabwino, koma ankangobweza anthu omwe ine ndikuwaona kuti ntchito ali nayo m'manja. Akuti sakundiyang'ana m'maso, ndiye akubisa kanthu. Koma kwathu mwana wotong'olera maso wamkulu timati ngwamwano! Akafunsidwa zomwe amachita bwino, mayi woti wadwazika apongozi ake zaka ndi zaka amangoti "ndimayesetsa", kuopa kudzitama, mzungu n'kulemba kuti sadzidalira.

Funso lomwe limagwetsa ambiri ndi la safeguarding, kutanthauza kuteteza omwe tikuwasamalira ku nkhanza. Ukaona mnzako akukalipira gogo kapena kumugwira mwankhanza ungatani? Wakwathu amati ndingamutengere pambali n'kumulangiza, poti sitinazolowere kuneneza mnzathu kwa abwana, timaopa kumudyetsa njala ndi ana ake. Apa pokha ine ndili mbali ya manejala, yankho ndi kukanena tsiku lomwelo ndi kulemba lipoti, gogoyo sangadziteteze yekha ndipo kampani itha kutsekedwa.

Ndiye tinasintha kachitidwe. Mafunso timatumiza pa WhatsApp intavyu isanafike, pa tebulo timakhala awiri, ine ndi manejala, ndipo timamupatsa munthu zoti achite tikuona, monga kuthandiza wina kudzuka pampando akumulankhula bwinobwino. Apo ndi pomwe ofatsa aja amaonekera. Za maso tinasiya kuwerengera, za lipoti sitinyengerera.

Kuyambira July 2025 boma linatseka zotenga ma carer atsopano kunja, ndiye panopa timalemba omwe ali kale kuno, ambiri ndi oti ma sponsor awo, makampani omwe anawabweretsa pa visa, analandidwa laisensi. Loweruka lina lililonse timawaphunzitsa ma intavyu ulere, olo akapite kukagwira kwina.