Sprite yanu yoyamba isapitirire 16x16

Sprite ndi kachithunzi ka kamunthu ka m'masewera apakompyuta, kojambulidwa ndi timadontho (pixels). Pa 64x64 pamakhala timadontho 4,096, ndipo kalikonse muyenera kukaganizira. Pa 16x16 ndi 256 basi. Piskel, pulogalamu yojambulira sprite, ndi yaulere, ndipo ngakhale laputopu yakale yogula ku Limbe imakwanitsa.

Yambani ndi chithunzithunzi cha kamunthuko, mtundu umodzi wokha. Ngati sikakuzindikirika pamenepo, mitundu siingakapulumutse. Kenako onjezerani mitundu itatu, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Ambiri amadetsa m'mphepete monse n'kuwalitsa pakati, kamunthuko n'kufufuma ngati ndasi.

Sungani ngati PNG, chifukwa JPEG imasokoneza m'mphepete komanso siisiya kumbuyo koonekera. Pokulitsa, sankhani 400% ndi nearest neighbour, njira yokulitsira yomwe siififitiza timadontho. Mukaika 150%, timadontho tina timanenepa kuposa tinzake. Pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chithunzicho chimafika chitafifitika.