Tsiku limene Seoul inandivula kawiri

Chisanu cha ku Seoul mu Januwale, cha ku Dedza ndi masewera. Koma mnzanga wa m'kalasi, Mkoreya, atandiuza kuti wovala hanbok, chovala cha makolo awo, amalowa ulere ku nyumba yachifumu ya Gyeongbokgung, yomangidwa mu 1395, makutu anga anaima. Sindinawerengere kuti kubwereka chovalacho kunali kodula kuposa tikiti ya 3,000 won.

Mayi wa pashopu anandiveka jeogori, malaya ake, kenako baji, buluku lotakasuka loti mungalowemo anthu awiri ndi mbuzi yomwe. Atafuna kundimanga m'chiuno ndinakana. Bambo wandevu kumangidwa lamba ngati mwana wa nazale? Ndinamanga ndekha ngati thumba la chimanga.

Pa chipata cha Gwanghwamun alonda ovala zachikale ankasinthana, ng'oma zikulira. Nditangokweza manja kuti ndijambule, buluku lija phwaa, mpaka mu akakolo. Ndinatsala ndi kathalauza kamkati kothina, kachisanu, kobooka pa bondo. Agogo aakazi amene anali pambali panga anasiya kujambula alonda.

Madzulo mnzangayo anati tikafunditse thupi ku jjimjilbang, nyumba yosambiramo imene ambiri amagonamonso. Nsapato m'kabokosi, kiyi pa mkono ngati wotchi, amuna uku akazi uko. Nditalowa kwa amuna ndinangoti kukamwa yasaa. Nkhalamba, anyamata, ana, onse ali mmene anabadwira, ena akuonera nkhani pa TV.

"Hyung, vula zonse," anatero mnzanga, poti ndine wamkulu kwa iye.

Ine nditachita kale manyazi mmawa, ndinalumbira kuti kabudula wamkati yekha sachoka. Ndinasamba pa shawa monga lamulo lawo, n'kulunjika ku dziwe la madzi otentha. Phazi lisanakhudze madzi, mdala wina anatulutsa mutu, n'kuloza kabudula wanga, n'kupingasa manja pachifuwa. Sanakalipe, koma onse anacheuka. M'nyumba ya anthu amaliseche, wochititsa manyazi anali ine wovala. Ndinavula, n'kubisala kuseri kwa kathaulo kosakwana ngakhale kuvundikira mbale ya ndiwo.

Nditanyowa bwino, mnzanga anandipereka kwa bambo wokhula thupi, ntchito imene amati seshin. Anandigoneka pa tebulo loterera ngati chambo pamsika, n'kuvala kansalu kobiriwira kokhakhala m'dzanja. Atakhula msana pang'ono, timiyulu takuda tinayamba kugwa. Ndinadzidzimuka, ndimvekere akundisenda khungu, ndikafika kwathu ndili mzungu. Bamboyo anatola pang'ono n'kundionetsa monyadira, ngati mlimi woonetsa zokolola. Linali litsiro, langa, la munthu wosamba tsiku ndi tsiku.

Pambuyo pake tinavala timakabudula ndi timalaya ta pamalopo, n'kukhala pansi pofunda, tikudya mazira ootcha ndi kumwa sikhye, chakumwa chotsekemera cha mpunga chokumbutsa thobwa. Mdala uja anadutsa, n'kundiyang'ana m'chiuno, kenako anawerama n'kundimangira bwino chingwe cha kabudula.