Chifukwa chake situdiyo yathu inasiya JPEG n'kuyamba kujambula RAW

Situdiyo yathu ndi yaing'ono: anthu awiri, makamera awiri, kompyuta imodzi ndi mahadi disiki atatu. Timajambula maukwati, misonkhano, nkhope za anthu ndi katundu wa ogulitsa pa intaneti. Kamera imasunga chithunzi mu fayilo ya mtundu wa JPEG kapena wa RAW, ndipo poyamba zathu zonse zinali za JPEG. Chinatisinthitsa ndi diresi loyera la mkwatibwi pambali pa suti yakuda ya mkwati, dzuwa likuswa mtengo. Kamera ikasamala suti, diresi limangoti mbee, zopeta zake osaoneka. Ikasamala diresi, suti imangoti bii. Pa JPEG chatayika chatayika. Pa RAW nthawi zambiri chimabwezeka.

Kusiyana kwake kuli apa. Kuwala kukafika pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kolandira kuwalako, kamera ikhoza kukonza yokha chithunzi, kusankha mitundu, kuchinola, kuchipanikiza kuti chichepe, zotsala n'kutaya. Imeneyo ndi JPEG. Kapena ikhoza kusunga zomwe sensa yaona pafupifupi osazikhudza, kuti mukamalize nokha pa kompyuta. Imeneyo ndi RAW. JPEG ili ndi mabiti 8, kutanthauza magawo 256 a kuwala pa mtundu uliwonse mwa itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. RAW ya mabiti 12 ili ndi magawo 4,096, ya mabiti 14 ili ndi 16,384. Magawo ochulukawo ndi amene amalola kuti muwalitse pamdima kapena muderetse thambo popanda chithunzi kugawikana mizeremizere.

Kampani iliyonse ili ndi RAW yakeyake: Canon ili ndi CR2 ndi CR3, Nikon NEF, Sony ARW, Fujifilm RAF. Ichi n'chimene chimakhumudwitsa ambiri akagula kamera yatsopano, pulogalamu yawo yakale n'kukana kutsegula mafayilo. Sikuti khadi losungira zithunzi lawonongeka ayi, pulogalamuyo sikuidziwa kamerayo. Ikani pulogalamu yatsopano, apo ayi sandutsani mafayilo kukhala DNG, mtundu wa RAW womwe kampani ya Adobe inatulutsa mu 2004, pogwiritsa ntchito DNG Converter, yomwe ndi yaulere.

Woyamba kumene timamulangiza kuti pa menyu ya Image Quality asankhe RAW+JPEG kwa miyezi ingapo. Akalephera kukonza RAW, JPEG ilipo yoti apereke kwa kasitomala. Ife lero timajambula RAW yokha, m'makhadi awiri nthawi imodzi, poti khadi limafa osatsanzika.

Pojambula, RAW si chilolezo chochitira mphwayi. Chithunzi chogwedezeka sichikonzeka, ndipo ngati lenzi inagwira khutu m'malo mwa diso, palibe pulogalamu yobweza disolo. Anthu oima timawajambula pa liwiro la shata (nthawi yomwe kamera imalola kuwala kulowa) la 1/125 ya sekondi kapena lofulumira kuposa apo, oyenda ndi ovina kuyambira 1/250 mpaka 1/500. ISO, nambala yomwe timakweza kuti chithunzi chiwale kukakhala mdima, timaisiya pansi, pa 100 kapena 200 kukawala, koma m'chipinda chamdima sitiopa kuikweza mpaka 3200. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera timachepetseka pa kompyuta, kugwedezeka ayi.

Choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi mbali zowala. Musakhulupirire maso anu pa sikirini ya kamera, makamaka panja. Tsegulani histogram, galafu yoonetsa zamdima kumanzere ndi zowala kumanja, muyatsenso chenjezo lophethira pamalo owala mopyola. Mulu wa histogram ukakanikizika kukhoma la kumanja, sensa yadzaza, ndipo pamalo odzaza mitundu yonse itatu palibe chomwe chasungidwa, kaya ndi RAW. Dziwaninso kuti histogram ya pa kamera imachokera ku kachithunzi ka JPEG komwe kamera imapanga koonetsera, osati ku RAW yeniyeniyo. Choncho kuphethira pang'ono pa mtambo sikuopsa, nthawi zambiri pamakhala patatsala malo. Kuphethira pa nkhope kapena pa diresi, tsitsani kuwala mujambulenso pomwepo.

Mtengo wa RAW umaoneka pa malo osungira. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa fayilo ya pakati pa 25 MB ndi 30 MB, pomwe JPEG yake sifika ngakhale theka la pamenepo. Khadi la 64 GB limatenga zithunzi pafupifupi 2,000. Ntchito ya tsiku limodzi ya zithunzi 1,500 imadya pafupifupi 40 GB, ndiye muchulukitse katatu chifukwa timasunga makope atatu: pa disiki yogwirirapo ntchito, pa disiki yachiwiri, ndi ina yokhala kunja kwa situdiyo. Khadi sitilifufuta mpaka makope awiri atatsimikizika, ndipo timalifomata mu kamera, osati pa kompyuta. Mukajambula motsatizana, kamera imafika potsamwa n'kuima kudikira kuti khadi limalize kulemba. Khadi lochedwa ndi limene limakuphonyetsani nthawi yovekana mphete.

Tsopano kukonza. Mapulogalamu odziwika ndi Lightroom ndi Capture One, olipira, komanso darktable ndi RawTherapee, aulere. Tsiku loyamba aliyense amadabwa chimodzimodzi: chithunzi chimatseguka chokongola, pakapita kamphindi n'kufwifwa. Palibe chalakwika. Chokongolacho chinali kachithunzi koonetsera kaja, chofwifwacho ndiye RAW isanakhudzidwe.

Musanakonze kalikonse, sankhani. Kukonza zithunzi 1,500 n'kudzipha. Timadutsa kamodzi mwachangu kuchotsa zotsinzina ndi zogwedezeka, kachiwiri kusankha chimodzi pa zofanana, mpaka zitatsala 300 kapena 400.

Dongosolo lokonzera ndi lomwelo nthawi zonse, chifukwa chilichonse chimakhudza chotsatira. Timayamba ndi kuwongola zolakwika za lenzi, zomwe pulogalamu imachita yokha ikaizindikira lenziyo. Kenako white balance, kukonza mitundu kuti choyera chioneke choyera, ndipo apa ndi pomwe RAW imabweza ndalama zake. Kuwala kwa masana kuli pafupi ndi 5,500 K (K ndi Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala), kwa mababu achikasu kuli pafupi ndi 3,000 K, pamthunzi kumafika 7,000 K. Pa RAW mumasintha nambala imeneyi osataya kanthu. Dinani kachipangizo kosankhira pa chinthu chotuwa kapena choyera chomwe sichinawale mopyola, kenako muyang'ane khungu la munthu, poti kasitomala amakhululuka khoma lachikasu koma osati nkhope yobiriwira. Zikatero timabwera pa exposure (kuwala kwa chithunzi chonse), kutsitsa highlights (mbali zowala) mpaka zopeta za diresi zioneke, n'kukweza shadows (mbali zamdima) pang'ono. Pang'ono tikutero. Mukakweza kwambiri, timadontho tonse tobisala mumdima timatulukira, chithunzi n'kuoneka ngati chojambula ndi choko. Kuchotsa timadontho ndi kunola ndi zomalizira, ndipo muziziona chithunzi chitakulitsidwa pa 100%, apo ayi khungu limasalala ngati la chidole inu osadziwa.

Zithunzi zojambulidwa pamalo amodzi, kuwala kumodzi, timakonza chimodzi n'kukopera zosinthazo ku zinzake zonse. Bizinesi imaima kapena kugwa pamenepa, chifukwa maola a pa kompyuta amaposa a pojambula, ndipo wosawawerengera pa mtengo amagwira ganyu yaulere.

Fayilo ya RAW siisintha mukamakonza. Zosintha zanu zimalembedwa mu katalogi ya pulogalamu kapena mu kafayilo kakang'ono ka XMP kokhala pambali pake. Mukasuntha RAW n'kusiya XMP, kapena katalogi ikawonongeka mulibe kope lake, zithunzi zilipo koma ntchito yonse yokonza yapita.

Kasitomala timamupatsa JPEG ya sRGB, dongosolo la mitundu lomwe mafoni ndi masikirini ambiri amagwiritsa ntchito. Mukatulutsa mu dongosolo lina la Adobe RGB, pa mafoni ndi masikirini ena mitundu imaoneka yofwifwa. Za pa Facebook timaika mapikiselo 2,048 mbali yaitali. Zosindikiza timawerengera mapikiselo 300 pa inchi, ndiye chithunzi cha mainchi 4 ndi 6 chimafuna mapikiselo 1,200 ndi 1,800. Zosindikiza zikamabwera zakuda kuposa momwe munazionera, musathamangire kudzudzula wosindikiza. Kawirikawiri sikirini yanu ndi yowala kwambiri, ndiye mumaderetsa zithunzi osadziwa. Tsitsani kuwala kwa sikirini, musindikize chimodzi choyesera, muchiike pambali pa sikiriniyo masana, musanatumize zonse 400.