Laputopu yasiya kulira ngati chigayo

Loweruka lapitali ndinamasula laputopu yanga koyamba chiigulireni. Mwezi wathunthu inandisowetsa mtendere. Ndikangotsegula DaVinci Resolve, pulogalamu yodulira makanema, kuti ndidule kanema wa kwaya yathu, fani inkalira ngati chigayo, zithunzi n'kumadumphadumpha, mawu patsogolo, milomo ya oimba pambuyo. Ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ya ina.

Mwamwayi, ndisanataye ndalama ndinaika pulogalamu ya HWMonitor kuti ndione kutentha kwake. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inkafika madigiri 95. Ikatentha chonchi imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye kuchedwa konse kuja. Nditatsegula kunsi ndinapeza fumbi litaundana potulukira mpweya ngati kabulangete, mwina la zilimwe zitatu. Ndinalichotsa ndi kaburashi kofewa, chala chili pa fani kuti isazungulire. Thermal paste yakale, kaphala kopaka pa purosesa kuti kutentha kuzituluka, inali itauma gwa. Ndinaipukuta, n'kuika yatsopano kadontho ngati njere ya mphodza. Manja ankanjenjemera, osanama, ndipo kasikuluwu kamodzi kanatsala patebulo. Mpaka lero sindikudziwa kwawo. Koma kutentha kwatsikira cha m'ma 70, ndipo ndaleka kuigwiritsa ntchito pabedi.

Vuto la milomo lija silinachoke, chifukwa gwero lake linali lina. Theka la kanemayu tinajambula ndi mafoni, ndipo foni imasinthasintha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, makamaka m'tchalitchi mukakhala kamdima. Pulogalamu yodulira imafuna chiwerengero chokhazikika. Mafayilo onse a m'mafoni ndinawadutsitsa mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a makanema, n'kuwakhazika pa zithunzi 25 pa sekondi, kufanana ndi kamera yomwe tinabwereka. Mawu ndi milomo zinagwirizana pomwepo.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi ma proxy, makope opepuka a makanema odulirapo. Mafayilo a H.265, mtundu wa makanema opanikizidwa kwambiri, ndi aang'ono pa disiki koma olemera kwa purosesa, poti imayenera kumasula chithunzi chilichonse pamene mukusewera. Tsopano ndimasiya Resolve ipange makope opepuka usiku, m'mawa n'kumadulira pa amenewo. Potulutsa kanema womaliza imabwerera yokha ku mafayilo enieni. Bwenzi nditadziwa kale zimenezi, kanema wa chinkhoswe cha mlongo wanga sakanandidyera masabata atatu.

Cache nayo, mafayilo osakhalitsa amene Resolve imasunga pogwira ntchito, inali itadzaza SSD, disiki ya m'laputopu, mwakachetechete. Ndafufuta ya ntchito zakale zonse, ndipo makanema otha ndawasamutsira pa hard drive yakunja. Live Save, yomwe imasunga yokha ntchito ndikasintha chilichonse, ndiyoyatsa nthawi zonse, chifukwa batire yatopa, magetsi akazima sichedwa kuthima.

Chatsala ndi RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito mapulogalamu akamayenda. Ndili ndi 8GB, pomwe a Blackmagic Design, eni pulogalamuyi, amati Resolve pa Windows imafuna 16GB. Pomasula paja ndinaona kuti malo amodzi oikapo ali opanda kanthu, ndipo mtundu wake ndi DDR4. Malipiro akatuluka ndikasaka m'tauni. Pakadali pano nyimbo zinayi mwa zisanu ndi ziwiri zatha, ndipo amayi otsogolera kwaya aimba kale foni kawiri kufunsa zotsalazo.