Kani inali quadratic nthawi yonseyi

Dzulo usiku magetsi atazima kuno ku Area 25, ndinakhala pamkeka ndi tochi ya foni, ndikulimbana ndi funso la Additional Maths lomwe landisowetsa tulo milungu itatu: 2sin²x + 3cos x − 3 = 0, x kuyambira 0° mpaka 360°. Nthawi zonse ndinkakakamira pamzere woyamba pomwepo. Sin uku, cos uko, munthu uyambire pati?

Ndiye ndinangoyesa kulemba 1 − cos²x pamalo pa sin²x, poti identity imeneyo, lamulo loti sin²x + cos²x = 1 nthawi zonse, tonse tinailoweza kalekale. Sin anasowa! Panatsala 2cos²x − 3cos x + 1 = 0. Ndinaphimba cos x ndi chala, n'kulemba y pamwamba pake. Abale, 2y² − 3y + 1, quadratic yomwe ija timaithyola m'mabulaketi osaganiza n'komwe: (2y − 1)(y − 1). Choncho cos x ndi ½ kapena 1, mayankho ndi 0°, 60°, 300° ndi 360°. Ndinaomba m'manja mpaka amayi anafunsa ali kuchipinda kuti, "Iwe, kwagwanji kumeneko?"

Ntchito ya identity kani ndi yongosandutsa zonse kuti zikhale mtundu umodzi. Zikatero trigonometry yatha, chatsala ndi algebra. Ndakhala ndikudziuza zimenezi tsiku lonse, ngakhale mu minibasi popita mtauni. Panopa ine ndi y basi. Funso lililonse ndikaliona ndikufunafuna poika y, ndipo ndikuona ngati njira imeneyi yokha ingandiolotse pa MSCE.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu sananenepo zimenezi ngakhale kamodzi. Amadzaza bolodi ndi ma identity, ife kukopera, belu kulira, mawa mutu wina poti silabasi yatsalira. Ndinataya mamalikisi pa sin 2x = sin x chifukwa ndinagawa mbali zonse ndi sin x, mayankho atatu, 0°, 180° ndi 360°, n'kuthawa. Papepala anangodula mzere wofiira, osalemba kuti ndikanatulutsa sin x kunja kwa bulaketi. Ndinachita kuuzidwa ndi mnzanga pa buleki.

Koma pali lina landiimitsa m'mawa uno: sin x + cos x = 1. Apa y sakulowa. Ndinachita square mbali zonse, ndinapeza 180° ndi 270° pakati pa mayankho, koma nditawabwezera mu funso akupereka −1. Ndawachotsa, inde, komabe sindikumvetsa bwinobwino kumene achokera, ndipo sindikudziwa ngati m'chipinda cha mayeso ndidzakumbuke kuyesa yankho lililonse nthawi ikamatha.